Momwe mungakonzere vidiyo yomwe yawonongeka posamutsa

Mwasamutsa vidiyo kuchoka pa memori khadi kupita pa fulashi, koma mukati muitsegule ikukana, kapena ikuyamba bwinobwino n'kuima pakati. Musafufute chilichonse. Nthawi zambiri zithunzi ndi mawu zimakhala zilipo ndithu, chomwe chasokonekera n'kagawo kamene kamauza kompyuta mmene zithunzizo zimatsatirana.

Choyamba, siyani kugwiritsa ntchito khadi kapena drive yomwe vidiyoyo inachokera. Ngati fayilo yoyambirira ikadalipo, ikopereninso, mwina ndi chingwe china kapena pa USB ina, vuto likhoza kuthera pomwepo. Ngati munasamutsa ndi Cut ndipo yoyambirira yasowa, yesani PhotoRec, pulogalamu yaulere yomwe imafukula mafayilo ofufutika. Zomwe yapeza musazisungire pa khadi lomwelo, chifukwa mungakwirire zomwe mukufuna kupulumutsazo.

Kenako yerekezerani kukula kwa mafayilo awiriwo. Ngati yokoperayo ndi yaing'ono, ndiye kuti siinafike yonse. Fulashi yofomatidwa mu FAT32 (imodzi mwa njira zosungira mafayilo pa fulashi) silandira fayilo yoposa 4 GB, choncho vidiyo yaitali imafuna fulashi yofomatidwa mu exFAT kapena NTFS. Kumbukirani kuti kufomata kumachotsa zonse zomwe zili m'menemo. Palinso mafulashi abodza olembedwa kukula komwe alibe, ndipo akadzaza amawononga mafayilo mwakachetechete. Pulogalamu yotchedwa H2testw imawaulula.

Ngati yowonongekayo ndi yokhayo yomwe muli nayo, ikopereni pa kompyuta, muziyesera pa kopeyo. Yambani ndi VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo yomwe imatsegula mavidiyo ambiri okanika kwina. Vidiyoyo ikakhala ya mtundu wa AVI, pitani pa Tools, Preferences, Input/Codecs, ndipo pomwe palembedwa Damaged or incomplete AVI file musankhe Always fix. Izi zimangothandiza powonera, fayiloyo simasintha.

Kuti mupeze fayilo yatsopano, gwiritsani ntchito FFmpeg, pulogalamu yosinthira mavidiyo yomwe imagwira ntchito poilembera malamulo. Mukaiika pa kompyuta, lembani motere mu Command Prompt (windo lolembamo malamulo pa Windows), ndipo pamalo pa yowonongeka.mp4 muike dzina la fayilo yanu:

ffmpeg -i yowonongeka.mp4 -c copy yatsopano.mp4

Lamuloli limatenga zithunzi ndi mawu mmene zilili n'kuziika m'fayilo ina, ndiye kuwoneka kwa vidiyo sikutsika, ndipo sizitenga nthawi.

Koma FFmpeg ikayankha kuti "moov atom not found", apo pafunika kudekha. M'fayilo ya MP4 kapena MOV, zithunzi ndi mawu zimakhala m'gawo lotchedwa mdat, pomwe moov ndi ndandanda yosonyeza malo a chithunzi chilichonse. Makamera ndi mafoni ambiri amalemba moov kumapeto kwenikweni. N'chifukwa chake kuzula fulashi kutangotsala pang'ono kuti kukopera kuthe kumakanikitsa vidiyo yonse, ngakhale pafupifupi zithunzi zonse zinafika. Mankhwala ake ndi Untrunc, yomwenso ndi yaulere. Imafuna vidiyo ina yabwinobwino yojambulidwa ndi kamera kapena foni yomweyo, pa makonzedwe omwewo. Imaphunzira pa yabwinoyo n'kumanganso ndandanda ya yowonongekayo. Ngati mulibe ina, jambulani yatsopano osasintha kalikonse, koma pa khadi lina. Mawu akhoza kutsalira pang'ono m'mbuyo mwa zithunzi, komabe kwa munthu yemwe wataya vidiyo ya ukwati kapena ya ntchito ya kasitomala, zimenezo n'zazing'ono.

Gawo lomwe silinakoperedwe n'komwe palibe pulogalamu ingalibweze. Choncho musalipire pulogalamu yogulitsa isanakuwonetseni kuti vidiyo yanuyo ikusewera.

Ulendo wina muzisankha Copy, osati Cut, ndipo muzidina Eject musanazule. Pa vidiyo yofunika kwambiri, tsegulani Command Prompt pa Windows, mulembe certutil -hashfile dzina.mp4 SHA256 pa fayilo yoyambirira ndi yokoperayo. Manambala ndi zilembo zomwe lamuloli litulutse pa mafayilo awiriwo zikafanana zonse, pamenepo mukhoza kufufuta zomwe zili pa khadi.