Thiransifoma ya ampu ya push-pull: musaikemo mpata, linganizani mavavu

Mwezi watha anandibweretsera ampu ya push-pull ya mavavu (timachubu tagalasi tokuza mawu) ya tchalitchi china ku Ndirande. Thiransifoma yotulutsira mawu inapsa, mmisiri wina n'kuikulunganso bwinobwino, koma besi inatheratu, mawu kungopyapyala ngati a kawailesi ka m'manja. Nditamasula ndinapeza zitsulo zake zonse zooneka ngati chilembo E mbali imodzi, zooneka ngati I mbali inayo, pakati kapepala kosiya mpata.

Mpata umenewu ndi wa ampu ya single-ended, ya vavu imodzi yotulutsira mawu, momwe DC (magetsi osasinthasintha mbali) imayenda njira imodzi n'kudzaza chitsulo ndi maginito mpaka mawu kusokonekera ngati palibe mpata. Mu push-pull mavavu awiri amakoka mbali zosiyana, ndiye mphamvu ya DC imafafanizana yokha. Mukaikamo pepala mwangotsitsa inductance, mphamvu ya waya wokulungidwa yomwe imanyamula mawu apansi, besi n'kupita nayo limodzi.

Yambani ndi kuzula pulagi, kenako tsitsani magetsi a m'makapasita pogwiritsa ntchito rezisita. Amatha kusunga mavoti oposa 400 ngakhale ESCOM itazimitsa kalekale. Yezani ndi mita musanagwire kanthu.

Pobwezera zitsulo, lowetsani E imodzi kuchokera kumanzere, yotsatira kuchokera kumanja, I iliyonse izitseka kukamwa kwa E yake. Zomalizira zimalimba, musazikakamize ndi hamala, zingang'ambe bobini n'kudula waya. Gogodani pang'onopang'ono ndi kamtengo mpaka pasaoneke mng'alu. Mabawuti avale kapepala kapena kapulasitiki kuti asalumikize zitsulozo, apo ayi thiransifoma izitentha.

Ntchito yeniyeni ili pa mavavu. Lumikizani sipika kaye, chifukwa ampu ya mavavu yoyatsidwa popanda sipika imatha kuwotcha thiransifoma yomwe mwavutikirayo. Ikani rezisita ya 1 ohm pa mwendo wotchedwa cathode wa vavu iliyonse. Mukayeza pa rezisitayo, milivoti imodzi pa mita ndi miliampu (mA) imodzi yodutsa m'vavu. Yatsani ampu, idikireni itenthe mphindi 15. Vavu ya mtundu wa EL34 pa mavoti 450 ndimaiika pafupi ndi 35 mA, ndipo sindilola ziwirizo kusiyana kuposa 2 kapena 3 mA. Kusiyanako ndi DC yomwe ikudzaza chitsulo, ndipo mudzaimva besi ikamagwa mphwayi, woyimba kiyibodi akaponda manotsi apansi.

Mavavu ofanana ndi ovuta kuwapeza kuno ku Blantyre, ndikudziwa. Akakana kulingana, sanjani zitsulo zitatuzitatu mbali iliyonse m'malo mwa chimodzichimodzi. Zimenezi zimasiya kampata kochepa kwambiri kopirira kusiyanako, besi yambiri n'kutsala. Ya ku Ndirande ija ndinaisanja choncho, chifukwa vavu imodzi inali yotopa kuposa inzake.