Kusunga chimanga popanda mapiritsi a poizoni

Mapiritsi otuwa amene ena amaika m'matumba a chimanga ali ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umapha anankafumbwe komanso munthu. Kwathu ku Angónia, ku Mozambique, ambiri timagona m'nyumba momwe muli matumba, ndiye ine ndimakana kugwiritsa ntchito mapiritsiwa.

Ndimasunga m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapepala apulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Salowa mpweya, choncho tizilombo timabanika tokha.

Chimanga chiume kaye, apa ndiye pagona nkhani. Thirani dzanja limodzi la chimanga m'botolo lagalasi louma, onjezani mchere wouma, tsekani n'kugwedeza. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chibwezereni padzuwa. Chachinyezi chimachita nkhungu, ndipo thumba silingachipulumutse.

Mukathira chimanga m'thumba, finyani pepala lamkati kuti mpweya utuluke, pindani kukamwa n'kumanga ndi chingwe. Lachiwiri mumange palokha, saka palokhanso. Pogula matumbawa ku Ulongwe, likulu la Angónia, yang'anani ngati pulasitikiyo sinabooke, ngakhale kabowo ka singano.

Ikani matumbawo pamatabwa, kutali ndi khoma, chifukwa khoswe akaboola ndiye basi. Musamatsegule pafupipafupi, chakugayitsa mwezi uno chikhale m'thumba lina.