Kugula nyumba ya lendi koyamba: zofufuza musanapereke ndalama

Munthu amene akugula nyumba ya lendi koyamba amakonda kuyang'ana zinthu ziwiri: maonekedwe a nyumbayo ndi ndalama imene akuti imalowa pamwezi. Zonse ziwirizi wogulitsa angathe kuzikonza mmene akufunira. Penti amapaka masiku ochepa, ndipo mtengo wa lendi amangoutchula pakamwa. Iye wakhala ndi nyumbayo zaka zambiri, akudziwa pamene imadontha ndi mlendi amene salipira, pomwe inu mwangoiona kamphindi masana dzuwa likuswa mtengo. Choncho chilichonse chimene mwauzidwa, kachitsimikizeni kwa munthu kapena ofesi imene sipindula kanthu nyumbayo ikagulidwa. Ejenti, mkhalapakati wa malondawo, sali m'gulu limeneli. Angakhale waulemu chotani, malipiro ake amabwera pokhapokha malonda atheka.

Yambani ndi umwini. Chikalata chimene akuonetsani m'manja si umboni wokwanira. Pitani nokha, kapena tumani loya amene mwamupeza nokha, ku ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo, akafufuze nambala ya malowo. Kumeneko mukadziwa dzina la mwini weniweni, ngati nyumbayo ili pa chikole cha ngongole kubanki, komanso ngati wina anaikapo chiletso chifukwa cha mkangano. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene akugulitsayo. Ngati malowo ndi a lizi, kutanthauza obwerekedwa kwa zaka zowerengeka, werengani zaka zimene zatsala. Lizi ya zaka 99 imene yatha kale zaka 80 siingafanane mtengo ndi yatsopano, ndipo mabanki amanyinyirika kubwereketsa ndalama pa malo otero.

Nyumba yosiyidwa ndi womwalira imafuna kudekha kwambiri. Kawirikawiri imatsika mtengo, ndipo n'chifukwa chake imakopa ogula atsopano. Amene akugulitsa akhoza kukhaladi mwana wa malemuyo, makiyi ali nawo, alendi amamudziwa, koma zimenezi sizimupatsa mphamvu yogulitsa. Funsani chikalata cha kukhoti chomusankha kukhala woyendetsa chuma cha masiyecho. Funsaninso kuti ena oyenera kulandirako gawo ndi angati, ali kuti, ndipo avomereza polemba kapena ayi. Mawu akuti "abale onse tinagwirizana" sakutetezani tsiku limene mlongo wake amene anali kutali adzatulukire ndi samani. Chimodzimodzi nyumba yolembedwa m'maina a anthu awiri, kapena ya banja limene likutha: onse asaine.

Za malire sitichulutsa mawu. Itanani woyeza malo aone ngati mpanda uli pamene mapu akunena. Kenako kafunseni kukhonsolo ngati pulani ya nyumbayo inavomerezedwa, makamaka zipinda zowonjezera zakuseri. Zipinda zimenezo ndi zimene zimakometsa chiwerengero cha lendi, komanso ndi zimene zimamangidwa popanda chilolezo. Akadzalamula kuti zigwetsedwe, masamu anu onse agwa nazo limodzi.

Tsopano nyumba yeniyeniyo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti watsopano pa khoma limodzi lokha, ena onse ali akale, akufuna kufunsidwa. Gwirani khomalo m'munsi ndi chikhatho. Ngati likuzizira, kapena pulasitala akufufuma ndi kuyoyoka, m'menemo muli chinyezi. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi nthawi zambiri ndi ya pulasitala chabe. Yoopsa ndi imene ikuyenda mopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, kapena yotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, makamaka ikakhala yotakata mbali imodzi: imasonyeza kuti maziko akusuntha. Zitseko zokana kutsekeka zimanenanso zomwezo. Kwerani mu siling'i ndi tochi, muone mitengo ya denga ngati yadyedwa ndi chiswe, ndi madontho a madzi pa matabwa. Tsegulani mipopi yonse nthawi imodzi, gujumulani zimbudzi, muone mmene madzi akuyendera. Mawaya a magetsi asiyireni wodziwa ntchitoyo. Ndipo ngati n'kotheka, bwereraniko mvula itangogwa, muone kumene madzi a pabwalo amalowera.

Ambiri amaona ngati kulipira injiniya kapena mmisiri woyima payekha n'kutaya ndalama. Ife timati ndalama imeneyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi denga latsopano, ndipo lipoti lake limakupatsani poyambira ponenerera mtengo.

Pamene ogula atsopano amapunthwa kwambiri ndi pa masamu a lendi. Wogulitsa akati nyumba imalowetsa ndalama yakutiyakuti, mufunseni mapangano olembedwa a mlendi aliyense, malisiti, ndi sitetimenti ya kubanki ya miyezi 12 yapitayi. Lendi yolembedwa pa pepala ndi lendi yolowadi m'thumba zimasiyana. Mukapeza mpata, chezani ndi alendiwo wogulitsa palibe. Afunseni kuti amalipira zingati, analowa liti, anapereka dipoziti yochuluka bwanji, ndipo n'chiyani chimene akhala akudandaula osakonzedwa. Mlendi sabisa za denga lodontha. Samalaninso ndi alendi amene angolowa mwezi watha pa mtengo wokwera kuposa nyumba zoyandikana nazo. Nthawi zina amakhala anzake a wogulitsa oikidwamo kuti nyumba ioneke yodzaza.

M'maiko ambiri pangano la lendi silitha chifukwa choti nyumba yagulitsidwa. Mwini watsopano amalowa m'malo mwa wakale, pamodzi ndi udindo wobweza madipoziti. Ngati wina analipiriratu miyezi 6, mudzakhala miyezi imeneyo osalandira kanthu pokhapokha ndalamayo itachotsedwa pa mtengo wogulira. Ngati wina ali ndi ngongole ya lendi ndipo akukana kutuluka, kumutulutsa kumadutsa m'malamulo, ndipo kumadya nthawi ndi ndalama. Loya wanu akuuzeni mmene malamulo a kwanuko amanenera musanasaine.

Kenako khalani pansi ndi cholembera. Tiyerekeze kuti lendi ya chaka chonse ndi 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wa nyumba. Zikumveka bwino. Koma nyumba ikakhala yopanda munthu miyezi iwiri, mwatolera miyezi 10 yokha, ndipo 10 uja watsika kufika pa 8 ndi kachidutswa. Chotsaniponso zokonzakonza, msonkho wa kukhonsolo, inshuwalansi, msonkho wa boma pa phindu la lendi, ndi malipiro a wokuyang'anirani nyumbayo ngati muli kutali. Pa mtengo wogulira wonjezeraninso ndalama ya loya, msonkho wosinthira umwini ndi zokonza zoyambirira. Ngati mukugula ndi ngongole ya kubanki, chotsalacho chiyerekezeni ndi chiwongola dzanja cha ngongoleyo. Ngati chiwongola dzanja chili pamwamba, ndiye kuti mwezi ndi mwezi muzidzapisa m'thumba mwanu kuthandiza nyumba imene mumati izikuthandizani. Funsaninso kubanki ngati chiwongola dzanjacho chimasinthasintha, ndipo muwerengenso masamu anu chitakwera.

Ngongole zobisika zimatsatira nyumba nthawi zina, osati munthu. Pemphani umboni wochokera kukhonsolo ndi kwa ogulitsa madzi ndi magetsi woti palibe zotsalira.

Zonsezi zimafuna masabata, ndipo apa m'pamene mumamva mawu aja akuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa". Mwina alipodi. Koma wogulitsa amene mapepala ake ali bwino sataya kanthu podikira kuti mufufuze. Ngati mukuopa kulandidwa nyumbayo, sainiranani pangano lonena kuti malonda atheka pokhapokha kafukufuku wa umwini ndi wa nyumba atatuluka bwino, ndipo akapanda kutero dipoziti yanu ibwezedwa yonse. Dipozitiyo isungidwe ku akaunti ya loya, osati m'manja mwa wogulitsa kapena ejenti, ndipo musalipire ndalama yaikulu pamanja popanda njira yoitsatira.

Tsiku lolandira makiyi, jambulani manambala a mamita a madzi ndi magetsi nonse mulipo, landirani mndandanda wa madipoziti wosainidwa, ndipo mlendi aliyense apatsidwe kalata yosainidwa ndi inu ndi mwini wakale yomuuza tsiku limene ayambe kulipira kwa inu ndi akaunti yolipirako.