Kusintha nsambo za gitala ya acoustic

Mwafunsa chifukwa chake nsambo zatsopano zimangotsika mawu. Nthawi zambiri vuto ndi kakulungidwe.

Sinthani imodziimodzi. Imasuleni kaye musanaidule, apo ayi ikukwapulani kumaso. Zulani pini ya pa bridge (kathabwa kogwira nsambo pathupi la gitala), lowetsani m'bowomo kampira ka kumapeto kwa nsambo yatsopano, bwezerani pini mukukoka nsamboyo pang'ono kuti kampirako kagwire. Kumutu kwa gitala, siyani masentimita 5 kupitirira chopotera, mukulunge kawiri kapena katatu motsika, mizere isakwerane. Ikakwerana imaterereka.

Tchunani E A D G B E kuyambira nsambo yonenepa kwambiri mpaka yowonda kwambiri, kokani nsambo iliyonse ndi chala, tchunaninso mpaka ikhazikike.

Gitala ya nayiloni musaiike zachitsulo, khosi limapindika. Kuno ku Harare mvula ikayamba mu Novembala, dzimbiri silichedwa, choncho muzipukuta nsambo mukatha kuimba.