Mmene Mungalembere Nkhani Yokonzekeretsa Owerenga za Mpira wa M'mayunivesite a ku America

Kuno ku Lusaka anthu akati mpira amatanthauza wa Chipolopolo kapena wa ligi ya ku England, komabe alipo ena amene amachezera usiku wa Loweruka akuonera mpira wa ku America wa m'mayunivesite, ndipo amafuna wina wowafotokozera zimene angayembekezere masewero asanayambe. Amene akufuna kulemba nkhani yotere adziwe kuti dzina la yunivesite ndiponso nambala imene yapatsidwa pa mndandanda wa matimu apamwamba ndizo zimanamiza anthu kwambiri, choncho ntchito yake yaikulu ndi kufufuza zimene zabisala kuseri kwa dzinalo.

Yambani ndi nthawi, chifukwa nkhani yabwino ilibe ntchito ngati wowerenga wadzuka masewero atatha. Nyengo imayamba chakumapeto kwa August, ndipo kufikira kumayambiriro kwa November Lusaka amakhala patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi kum'mawa kwa America. Masewero a masana kumeneko amayamba 18:00 kuno, otsatira ake 21:30, ndipo aakulu a madzulo amagwera cha m'ma 01:30 Lamlungu. A ku America akabweza mawotchi awo Lamlungu loyamba la November, kusiyanako kumafika maola 7, choncho nthawi zonsezi muzionjezere ola limodzi. Muuzenso wowerenga kuti ngakhale wotchi ya masewero imawerenga mphindi 60, masewerowo amatenga maola opitirira atatu, kotero amene amadalira foni aitchajiretu poopa kuti magetsi angathime.

Kenaka onani mndandanda wa matimu 25 apamwamba umene bungwe la Associated Press limatulutsa mlungu uliwonse, koma musautenge ngati chigamulo. Mndandandawu unayamba mu 1936 ndipo umachokera ku mavoti a atolankhani, amene kumayambiriro kwa nyengo amadalira kwambiri mbiri ya chaka chatha. Mu 2007 timu ya Appalachian State inapita ku bwalo la Michigan, imene inali pa nambala 5, n'kuipambana 34-32. Mu 2024 Northern Illinois inagonjetsa Notre Dame 16-14, pamene Vanderbilt inagwetsa Alabama, imene inali pa nambala 1, ndi 40-35. Funso loyenera kulifunsa ndi lakuti timuyi yasewera ndi ndani kuti ifike pamene ilipa. Nyengo ya timu imakhala ndi masewero 12 okha, ndipo mayunivesite aakulu amakonda kuitana matimu ang'onoang'ono mu September n'kuwamwetsa mapointi ambirimbiri. Timu imene yapambana kanayi pa adani ofooka ikhoza kukhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi imene yagonja kamodzi kwa mdani woopsa wa mu SEC kapena Big Ten, amene ndi maligi aakulu a mayunivesite.

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri: osewera amene alipo chaka chino. Ophunzira amamaliza sukulu, ena amapita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu, ndipo chiyambire 2018, pamene kusamuka kwa osewera kunayamba kuyendetsedwa kudzera mu transfer portal (kaundula wa pa intaneti wa osewera ofuna kusintha yunivesite), ndiponso 2021, pamene analoledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo, timu imatha kusintha kwambiri m'miyezi yochepa. Aphunzitsi nawonso amasintha, monga momwe Nick Saban anapumira ntchito ku Alabama mu January 2024 n'kulowedwa m'malo ndi Kalen DeBoer. Fufuzani kaye za quarterback, amene ndiye woponya mpira ndi wotsogolera kuukira: kodi wayambapo masewero angati, nanga amataya mpira kangati akapanikizidwa? Koma musaime pamenepo, pakuti olemba ambiri amaiwala amuna asanu amphamvu amene amaima patsogolo pake kumuteteza. Ngati awiri mwa asanuwo ndi atsopano kapena avulala, ndipo mdani ali ndi otchinga othamanga, quarterback waluso uja adzathera masewero onse chagada pa kapinga. Malipoti a osewera ovulala amatuluka masewero asanachitike m'maligi a SEC ndi Big Ten, choncho muziwawerenga musanatumize nkhani yanu.

Ziwerengero zisachuluke. Zitatu ndi zokwanira: mayadi amene timu imayenda ndi mpira pa kusewera kumodzi (yadi imodzi ndi pafupifupi mita imodzi), kangati imalanda kapena kulandidwa mpira, ndiponso mmene imachitira pa mwayi wachitatu. Chomalizachi muchifotokoze bwino kwa wowerenga watsopano, kuti timu imapatsidwa mipata inayi yoti iyende mayadi 10, ndipo ikalephera pa wachitatu kawirikawiri imaumenya mpira kupita kutali n'kuupereka kwa mdani. Mapointi onse amene timu yapeza m'nyengo sanena zambiri, pa chifukwa cha adani ofooka chimene tatchula kale chija.

Bwalo ndi ulendo nazo zili ndi mbali yake. Bwalo la Michigan limalowa anthu oposa 107,000, ndipo phokoso la m'mabwalo otere limalepheretsa alendo kumva malangizo a quarterback wawo, mwakuti amalakwitsa poyambira n'kulangidwa mayadi. Kuyambira 2024, pamene mayunivesite a kumadzulo a USC, UCLA, Oregon ndi Washington analowa mu Big Ten, matimu a kumadzulo amauluka kudutsa dziko lonse kukasewera kumene nthawi ili patsogolo ndi maola atatu, ndipo mu November akhoza kukapeza chisanu chimene sanachizolowere.

Masewero a adani akale muwalembe mosamala, chifukwa amafanana ndi a Nkana ndi Power Dynamos ku Kitwe, amene satsatira za amene ali pamwamba pa ligi. Mu November 2024 Michigan, imene inali itagonja kale kasanu, inapambana Ohio State 13-10 pa bwalo la Ohio State, komabe Ohio State yomweyo inatenga chikho mu January 2025 itagonjetsa Notre Dame 34-23. Zimenezi zinatheka chifukwa mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha dziko lonse, umene unayamba ndi matimu anayi mu 2014, unakulitsidwa kufika matimu 12 mu 2024. Choncho muzinena momveka chimene chili pachiswe, ngati kugonja kungatulutse timu mu mpikisanowo kapena kungoitsitsa pang'ono.

Pomaliza nenani timu imene mukuona kuti ipambana, ndipo mupereke chifukwa chimodzi chimene wowerenga angachione ndi maso ake m'gawo loyamba la masewero, monga kuti ngati oteteza quarterback wa alendo akugonja msanga, eni bwalo apambana ndi mapointi ambiri. Nkhaniyo ituluke pofika Lachisanu madzulo, ndipo Loweruka m'mawa muionenso ngati pali wosewera wina amene wachotsedwa pa mndandanda wa osewera.