Kaŵetedwe ka nkhuku zoyendayenda pabwalo laling'ono la kuseri kwa nyumba

Musanagule nkhuku, fufuzani ngati malamulo a dera lanu amalola kuŵeta, kenako konzani khola losadontha, mpanda wolimba, zomwera, zodyera ndi utuchi woyala pansi.

1. Yambani ndi misoti 4 kapena 5. Tambala safunika ngati cholinga ndi mazira odya, ndipo kulira kwake kumadanitsa ndi anthu oyandikana nawo.

2. Zitsekereni m'khola kwa sabata yathunthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amazimasula tsiku lomwe zafika, nkhukuzo n'kumagona m'mitengo kapena kuloŵerera, chifukwa sizinazoloŵere kuti khola ndiye kwawo.

3. Sabatayo ikatha, masiku oyamba muzizimasula chakumadzulo kokha, kuti mdima uzizibweza zokha, ndipo mutseke chitseko usiku uliwonse poopa agalu ndi zilombo zina.

4. Muzizipatsa chakudya cha nkhuku zoikira ndi madzi oyera tsiku lililonse, popeza udzu ndi tizilombo za pabwalo laling'ono zimatha msanga.

5. Zipatseni katemera wa chitopa monga mmene mlangizi wa ziŵeto angakuuzireni, ndipo muzichotsa zitosi sabata iliyonse kuti fungo ndi ntchentche zisachuluke.