Kuphunzitsa luso la kupeka zatsopano pamodzi ndi kaganizidwe ka kompyuta

Aphunzitsi anzanga a mu Lusaka, kaya muli ku UNZA (University of Zambia) kapena ku koleji ina, musayambe chaka choyamba ndi kuloweza malamulo okha a Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Yambani ndi vuto limene ophunzira amakumana nalo tsiku lililonse, ndipo ola loyamba makompyuta akhale otseka.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha maminibasi. Gawani kalasi m'magulu a anthu anayi, ndipo gulu lililonse lijambule papepala njira zochokera ku siteshoni ya Kulima Tower kupita ku Chelstone, Matero kapena Kabwata, lisankhenso lokha tanthauzo la njira yabwino: yaifupi, yotsika mtengo, kapena yopewa kuchulukana kwa magalimoto pa Great East Road m'mawa. Musawasankhire, chifukwa luso lawo limaonekera pa kusankha kumeneku. Akatero, athandizeni kuchotsa zosafunika mpaka patsale masiteshoni ndi mizere yowalumikiza, mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake ya mphindi kapena ya makwacha. Pamenepo mpamene muwaonetse njira imene katswiri wa za makompyuta Edsger Dijkstra anafalitsa mu 1959 yopezera ulendo waufupi, ndipo adzaimvetsa msanga popeza vutolo ali nalo kale m'manja.

Sabata lotsatira mungachite chimodzimodzi ndi masewera a nsolo kapena zithunzi zobwerezabwereza za pa chitenje.

Pochonga, gawani malikisi pawiri: ena a pulogalamu yoyenda bwino, ena a ganizo lachilendo limene wophunzira angathe kuliteteza pamaso pa anzake, ngakhale pulogalamu yake itakhala isanathe.